Chaka choyamba kusukulu yaukachenjede: zimene mwana wa ku Angónia amakumana nazo mumzinda wa Tete

Kumayambiriro kwa chaka chilichonse, achinyamata amene amaliza kalasi 12 m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amalemba mayeso olowera kusukulu zaukachenjede, ndipo amene mayina awo atuluka amayamba kumanga katundu mvula ikadali pachimake. Ena satalikira, popeza ku Ulónguè komweko, likulu la Angónia, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze ndiponso sukulu ya Hefsiba ya mpingo wa Reformada. Ena amalowera ku Songo kukaphunzira zamagetsi pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Enafe timatsikira mumzinda wa Tete, kumene kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, nthambi ya zaumoyo ya Universidade Zambeze, Universidade Púnguè ndi Universidade Católica de Moçambique. Ine ndinatsika kudzaphunzira zowerengera ndalama, ndipo tsopano ndili m'chaka chachitatu. M'zaka zimenezi ndaona anzanga amene kusekondale ankatsogola kalasi yonse akubwerera kumudzi chaka chisanathe, ndipo ndafika pokhulupirira kuti chimene chimagwetsa ana a kwathu kawirikawiri si kuchepa kwa nzeru, si umphawi pawokha, koma kukhala chete pa nthawi imene munthu ayenera kufunsa.

Timafika kuno tisanauzidwe kalikonse, ndipo pamenepa palibe woimbidwa mlandu. Makolo a ambiri a ife anali ana pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano losainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Midzi yambiri ya ku Angónia ndi ku Tsangano inasanduka mabwinja anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Amayi anga anaphunzira kuwerenga kumeneko, m'Chichewa ndi m'Chingelezi pang'ono, ndipo atabwerera analowa m'munda. Iwo amadziwa nthawi yobzala nyemba, amadziwa mtengo wa thumba la feteleza mbali zonse ziwiri za malire a Calómuè, amadziwanso kasungidwe ka mbatata ya kachewere kuti isaole. Koma sakanatha kundiuza kuti kusukulu yaukachenjede munthu akhoza kuletsedwa kulowa m'chipinda cha mayeso omaliza chifukwa cha malikisi amene anapeza m'mwezi wachiwiri wa maphunziro. Mwana wa namwino wa ku Beira kapena wa mphunzitsi wa ku Chimoio amamva zimenezi pa nsima, kwa achimwene ake kapena kwa azakhali ake, ndipo amalowa pachipata akudziwa kale khomo loyenera kugogoda. Ife timayenera kuzipeza tokha kwa anthu amene sitinawaonepo.

Thupi ndilo limayamba kudabwa. Ulónguè ali pamalo okwera mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi timafunda mabulangete awiri. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pansi pa mamita 200, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Amene wakwera chapa (minibasi) m'mawa atavala juzi amaivula pofika pamphambano ya Mussacama, ndipo podutsa ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, mutu umakhala utayamba kale kulemera. Kutenthaku kumakhudza maphunziro mwachindunji, chifukwa chizolowezi cha kwathu chowerenga madzulo pochokera kusukulu sichitheka m'chipinda cha malata chimene chakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo miyezi yotentha kwambiriyo ndi yomweyo ya mayeso a semesita yachiwiri. Amene anandiongola ndi mayi eni nyumba imene ndimachita lendi. Atandiona ndikusinza pabuku madzulo anati: “Mwana wanga, kuno amawerenga mbandakucha, dzuwa lisanatuluke. Masana uzimwa madzi ambiri, usiku uzigona m'neti, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa mtsinje suona kuti ndiwe mlendo.” Kuyambira pamenepo maola anga abwino kwambiri owerenga ndi a m'bandakucha.

Malo ogona a pasukulu sakwanira aliyense, choncho ambiri timafuna zipinda ku Matundo, ku Chingodzi kapena m'madera a mkati mwa mzinda, awiriawiri kapena atatuatatu. Mzindawu unagawidwa ndi mtsinje, ndipo chipinda chotsika mtengo chimene chili tsidya lina la mlatho wa Samora Machel chikhoza kudula kuposa chapafupi mukawerengera ndalama za chapa zopita ndi zobwera tsiku lililonse. Pali mafunso ofunika kufunsa ndalama isanachoke m'manja: kodi mita ya magetsi ya Credelec ndi ya nyumba yonse kapena ya chipinda chokha, ndani amagula magetsi akatha, madzi a pampopi ali m'kati mwa lendi kapena ayi, ndipo miyezi ya tchuthi imalipiridwa bwanji. Mtsikana wa kwathu amaona kuti kufunsa munthu wamkulu za ndalama mwatsatanetsatane chotere n'kumukayikira, ndiye amangovomera, amalipira, kenako kumapeto kwa mwezi kumabuka mkangano umene funso limodzi likanaupewa. Eni nyumba ambiri sakhumudwa ndi mafunso otere, ndipo ena amakhulupirira kwambiri mlendi amene wafunsa.

Nkhani ya ndalama ili ndi mbali imene anthu olandira malipiro a pamwezi saiona. Chaka cha maphunziro chimatsegulidwa mu Febuluwale kapena mu Malichi, nthawi imene kumudzi nkhokwe zafika pansi, ndalama zonse zalowa mu feteleza ndi mwa aganyu opalira, chimanga sichinakhwime ndipo fodya sanayambe kugulidwa. Ndalama zolembetsera, lendi yoyamba, matiresi, mbaula ndi mapoto zimafunika m'masabata omwewo, motero mabanja amagulitsa mbuzi kapena nkhumba pa mtengo wolira, ena amatenga katapila. Pofika Juni ndi Julayi, soya, nyemba ndi mbatata zikagulitsidwa, ndalama zimabwera pafoni, pa e-Mola kapena pa M-Pesa, zambiri nthawi imodzi, ndipo mwana amene sanagwirepo ndalama zochuluka chotero ayenera kuzigawa kuti zimufikitse mu Disembala. Thandizo lilipo: boma lili ndi bungwe lothandiza ophunzira ndi ndalama lotchedwa Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo sukulu zina zimachepetsa kapena kuchotsa malipiro kwa ophunzira osowa. Koma thandizo limeneli lili ndi tsiku lotsekera, ndipo limafuna zikalata zimene zina zimatengedwa kwanu, kwa akuluakulu a dera limene munachokera. Amene wamva za thandizoli atafika kale ku Tete ayenera kupezanso ndalama za ulendo wa makilomita oposa 200 kukatenga pepala limodzi, ndipo ambiri amangolisiya. Chiphaso cha unzika (BI), nambala ya msonkho (NUIT) ndi satifiketi ya kalasi 12 yokhala ndi makope otsimikizidwa ndi zinthu zoyenera kukonzeratu munthu akadali kwawo.

Komabe zonsezi ndi zakunja. Kusintha kwenikweni kuli m'kalasi. Kusekondale mphunzitsi ankalemba pabolodi kapena kuwerenga mokweza, ife n'kumakopera m'makope, ndipo pa mayeso ankafuna zomwezo zimene anatipatsa. Amene anali ndi mutu wosunga mawu ankapambana. Mphunzitsi woyang'anira kalasi ankadziwa dzina la aliyense, ndipo ukajomba masiku angapo ankaitanitsa kholo. Kuno mphunzitsi amalowa, amaonetsa mitu ya phunziro pakhoma, amadutsa m'maola awiri nkhani imene kusekondale ikanatenga mwezi, amatchula mabuku oti tikawerenge, n'kutuluka. Palibe belu, palibe woitana kholo, palibe wofunsa chifukwa chake sunaoneke dzulo. Pakati pa tsiku pamakhala maola opanda phunziro amene wobwera kumene amawayesa mpumulo, pamene ndi nthawi imene inasiyidwa dala kuti munthu akhale mulaibulale. Ufulu umenewu umakoma m'masabata oyamba, ndipo palibe chizindikiro chilichonse chakuti zinthu zikulakwika kufikira tsiku limene malikisi apachikidwa.

Kawerengedwe ka malikisi ndi kamene ndikufuna kuti mwana aliyense wa kalasi 12 akamvetse asanakwere chapa. Malikisi amachokera pa 0 kufika pa 20 monga kusekondale, ndipo malire ndi 10. Koma m'sukulu zambiri phunziro lililonse, limene kuno timati cadeira, limatha m'semesita imodzi, ndipo mayeso awiri kapena atatu a m'kati mwa semesita pamodzi ndi ntchito zolemba ndi zimene zimagamula ngati munthu aloledwe kulemba mayeso omaliza. Amene malikisi ake apakati sanafike 10 amachotsedwa, ndipo ayenera kudzabwereza phunzirolo. Amene wafika 14 kapena kupitirira, m'maphunziro ambiri amamasulidwa, salembanso mayeso omaliza. Amene ali pakati amalemba, ndipo akalephera amakhala ndi mwayi wina umodzi wotchedwa recorrência, umene nthawi zambiri ndi wolipira. Pamwamba pa izi pali maphunziro omangirirana, oti sungalowe lachiwiri usanakhoze loyamba, kotero kuti kugwa m'phunziro limodzi la chaka choyamba kukhoza kuwonjezera chaka chathunthu, ndi lendi yake, pa zaka zinayi za digiri. Tsono mayeso oyamba amabwera wophunzira watsopano akadali kufunafuna chipinda, akudikira ndalama za kumudzi, asanazolowere liwiro la aphunzitsi. Akapeza 4 pa mayeso amenewo, pa achiwiri ayenera kupeza 16 kuti angofika pa malire. Ambiri mwa amene ndinawaona akubwerera kwawo anagwera pamenepa, m'mwezi wachiwiri, asanadziwe n'komwe kuti mayeso amene ankawayesa ongoyeserera anali ndi mphamvu yotere.

Zonsezi zinalembedwa m'buku la malamulo a maphunziro limene sukulu iliyonse ili nalo, ndipo malamulowo amasiyana pang'ono sukulu ndi sukulu, choncho munthu ayenera kuwerenga a kumene walowa. M'menemo muli kuchuluka kwa masiku amene ungajombe, njira yoperekera chikalata cha kuchipatala ukadwala tsiku la mayeso, ndiponso ufulu woona pepala lako ndi kupempha kuti lionedwenso m'masiku oikika. Aphunzitsi ndi anthu, amachonga mapepala ambirimbiri, ndipo nthawi zina kuphatikiza kumalakwika. Ana a m'tauni amapita kukafunsa popanda mantha. Ana a kwathu amaima patsogolo pa pepala la malikisi, amaona nambala imene sakuimvetsa, amapukusa mutu, n'kubwerera kuchipinda.

Chifukwa chimodzi cha mantha amenewa ndi chinenero. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti m'Mozambique anthu pafupifupi 17 mwa 100 alionse ndi amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo chobadwa nacho. Enafe tinachipeza pakhomo la sukulu. Chigawo chathu cha Tete chinali m'gulu la malo awiri oyamba kumene boma linayesera kuphunzitsa ana m'chinenero chawo, kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja kuno ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu zina za pulayimale. Koma kusekondale ndi kuno zonse ndi Chipwitikizi. Tinakhoza kalasi 12 ndi Chipwitikizi cholembera ndi chokopera, chimene chimapatsa munthu nthawi yoganiza asanaike cholembera papepala. Kuno kumafunika Chipwitikizi choimirira nacho pamaso pa anthu 60 kapena kupitirira, kufotokoza ntchito ya gulu, kuyankha mphunzitsi amene wakudula pakamwa ndi funso, ndi kutsutsa mnzako wa ku Maputo amene amalankhula mofulumira chifukwa ndicho chinenero chimene amalota nacho. Mwana wa ku Dómuè amakhala ndi yankho lolondola m'mutu, koma pamene akulikonza kuti lituluke lopanda chilema, wina wayankha kale. Akalankhula ndipo wina n'kuseka katchulidwe kake, akhoza kukhala semesita yonse osatsegulanso pakamwa. Ndikunena motsimikiza kuti kulankhula mothamanga si kudziwa. Pa mapepala a malikisi ndaona kambirimbiri olankhula bwino ali pansi pa anzathu achete, ndipo aphunzitsi abwino amamvetsera mfundo, osati kamvekedwe ka mawu.

Chifukwa china ndi chozama kuposa chinenero, ndipo chimandivuta kuchinena chifukwa chikukhudza chinthu chimene ndimachikonda. Kwathu tinaleredwa ndi ulemu. Mtsikana amagwada popereka madzi, sayang'ana wamkulu m'maso, sayankha asanafunsidwe, ndipo wamkulu akanena chinthu chimene sichinamveke, mwana amakafunsa kwa wina kuseri. Makolo omwewo amene amatiuza kuti safunsa anadya phula ndi amene amadzudzula mwana wofunsafunsa pamaso pa alendo. Ulemu umenewu sindikufuna kuti uthe. Ndi umene umachititsa kuti eni nyumba a kuno akonde kusunga ana a ku Angónia. Koma ukalowa nawo m'kalasi osausintha, mphunzitsi amaona kukhala chete kwako ngati chizindikiro chakuti wamvetsa, kapena chakuti sunawerenge, ndipo zonse ziwirizi zimakupweteka.

Amene anandimasulira mfundo imeneyi ndi amalume anga, amene sanapite patali ndi sukulu koma akhala zaka zambiri akuthandiza amfumu kuweruza milandu. Pa tchuthi changa choyamba ndinawafotokozera kuti m'kalasi anzanga amatsutsana ndi aphunzitsi ndipo ine zimandioneka ngati mwano. Anakhala kaye chete, kenako anati: “Mwanawe, unakhalapo pabwalo tsiku la mlandu? Munthu amavula chipewa, amawomba m'manja, amati zikomo mfumu, ndipo akatero amanena mawu ake onse osasiyako. Amene wakhala chete pabwalo sitinena kuti ndi waulemu, mlandu umamugwera.” Ndinayankha kuti, “Amalume, nanga akandiseka?” Iwo anati oseka sadzakhala nawo pa tsiku limene ndidzalandire pepala. Kuyambira semesita yachiwiri ndinayamba kulemba funso langa m'kope phunziro lisanayambe, m'Chipwitikizi chimene ndachikonza bwino, kuti nthawi ikafika ndingokweza mkono ndi kuliwerenga. Funso lochititsa manyazi kwambiri ndinkalisunga kufikira kalasi itatuluka, n'kumutsatira mphunzitsi pakhonde. Aphunzitsi ambiri ankaima n'kuyankha mofatsa, ndipo ena anayamba kundidziwa dzina.

Chachiwiri chimene chinandithandiza ndi kagulu kowerengera limodzi. Tinapezana ana a ku Angónia, wina wa ku Furancungo ndi wina wa ku Zóbuè, ndipo tinagwirizana kuti aliyense aziwerenga mutu umodzi n'kudzaufotokozera enawo m'Chichewa, popanda kuyang'ana m'buku. Pamenepa m'pamene munthu amadzizindikira ngati wamvetsa kapena wangoloweza, chifukwa mawu a m'buku ukhoza kuwabwereza osadziwa tanthauzo lake, koma kufotokozera mnzako m'chinenero cha kwanu chifukwa chake ndalama iliyonse imalembedwa mbali ziwiri za kaundula, kumene yachokera ndi kumene yapita, kumafuna kuti nkhaniyo ikhale italowadi. Tikamaliza, yemweyo amaimirira n'kubwereza m'Chipwitikizi ngati ali pamaso pa kalasi, ife n'kumamuponyera mafunso ovuta. Ndiyenera kuchenjeza kuti kagulu ka anthu a kumudzi kumodzi kakhoza kusanduka khola lobisalamo, lokambiramo za kwathu ndi kudandaula za kutentha. N'chifukwa chake pa ntchito za gulu zimene aphunzitsi amapereka timayesetsa kumwazikana, kuti aliyense agwire ntchito ndi Asena, Andau, Achuwabo ndi Amakhuwa, amene ambiri a iwo akulimbana ndi mantha omwewo m'zinenero zawo.

Ophunzira a zaka zapamwamba ndi chuma china, ngakhale kuti zolemba zawo ziyenera kulandiridwa ndi maso otsegula. Amadziwa mmene mphunzitsi aliyense amafunsira, amasunga mayeso akale, ndipo amabwereketsa mapepala amene akanatidyera ndalama zambiri pojambulitsa. Koma mapepala amakalamba. M'maphunziro athu chitsanzo chake ndi msonkho wa IVA, wolipidwa pogula katundu, umene kwa zaka zambiri unali 17 pa 100 ndipo kuyambira Januwale 2023 unatsika kufika pa 16. Zolemba zakale zimene zimayenda m'manja mwa ophunzira zikadali ndi nambala yakaleyo, ndipo amene wangokopera osafunsa amalakwitsa ntchito yonse kuyambira pa mzere woyamba. N'chimodzimodzi ndi zimene timatenga pa intaneti, zimene zambiri zinalembedwera Brazil kapena Portugal, kumene malamulo a misonkho ndi ena.

Za kompyuta ndingonena mwachidule. Ambiri a ife timafika tisanalembepo tsamba lathunthu pa kompyuta, pamene ntchito yoyamba imafunika yotayipa, yokhala ndi chikuto ndi mayina a mabuku amene wagwiritsa ntchito. Zidziwitso za kusintha kwa nthawi ya phunziro zimadutsa pa gulu la WhatsApp la kalasi, kotero kuti amene alibe foni yoyenera kapena ndalama za intaneti ayenera kukhala ndi mnzake womuuza. Kutayipa kumaphunzirika m'masabata ochepa ngati munthu walimba mtima kupempha mnzake kuti amuonetse. Amene amalipira ena kuti amulembere amafika chaka chomaliza, nthawi yolemba kafukufuku wake, manja asanazolowere kutayipa.

Pali nkhani ina imene kukhala chete kumawononga kwambiri, ndipo ikukhudza makamaka ife atsikana. Tete ndi mzinda wodutsamo ndalama: pali migodi, pali magalimoto akuluakulu opita ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, pali amuna achikulire amene amadziwa bwino lomwe mwezi umene ophunzira ndalama zimawathera. Mtsikana amene nthawi yolipira lendi yakwana, ufa watha, ndipo akuchita manyazi kuimbira amayi ake chifukwa akudziwa mmene zinthu zilili kumudzi, amakhala pangozi imene sayenera kuisenza yekha. Zimachitikanso kuti munthu amene ali ndi mphamvu pa malikisi kapena pa zikalata amayamba kulankhula zosayenera. Mwambo wathu sutipatsa mawu okanira munthu wamkulu, ndipo ochita zoipawo amadalira zimenezo. Chimene ndaona chikuteteza anzanga ndi kuuza wina msanga, kaya mnzake wa m'chipinda, kaya mphunzitsi wamkazi, kaya mayi wa kumpingo, kusunga mauthenga a pafoni osawafufuta, ndi kusapita yekha kumene waitanidwa kunja kwa nthawi ya ntchito. M'nyumba mwathu tinapangana kuti amene chakudya chamuthera azinena poyera, tizidya mphika umodzi kufikira ndalama zake zitabwera, ndipo pangano limeneli lasunga anthu pasukulu.

Kumudzi nako kumakoka. Munthu akangotsikira ku Tete, abale ena amamuwerengera kale ngati wapantchito, ndipo mafoni amayamba kubwera opempha thandizo la mankhwala, la yunifomu ya mng'ono wake, ngakhale la mbewu. Maliro akagwa, mtima umafuna kunyamuka nthawi yomweyo, chifukwa kwathu amene sanaoneke pamaliro amakumbukiridwa zaka zambiri. Koma ulendo wopita ndi kubwera umadya ndalama za chakudya cha masabata, ndipo ukagwera pa tsiku la mayeso ukhoza kugwetsa phunziro. Pamenepanso pamafunika kulankhula momveka ndi a kunyumba. Ine ndinakhala pansi ndi amayi n'kuwafotokozera kalendala yonse ya semesita, miyezi ya mayeso ndi tanthauzo la kuchotsedwa. Atamvetsa anati: “Ukakhala pa mayeso usabwere, mwana wanga, ine ndidzakuimira. Ukadzabwera pa tchuthi ndidzakuperekeza kukapepesa.” Ndipo zimatero: mu Julayi kapena mu Disembala timayenda limodzi m'makomo amene munagwa zovuta, ndipo palibe amene anandisungira chakukhosi. Makolo akauzidwa bwino amakhala oyamba kuteteza maphunziro a mwana wawo pamaso pa abale ena, koma sangateteze chinthu chimene sanafotokozeredwe.

Kusungulumwa kwa miyezi yoyamba kumachepa munthu akapeza malo ena kunja kwa kalasi kumene amadziwika dzina. Kwa ine malo amenewo ndi kwaya ya kumpingo, kumene ndinapeza amayi a ku Lifidzi ndi a ku Tsangano amene anakhazikika kuno kalekale, ndipo ndi iwo amene amadziwa dalaivala wokhulupirika woti n'kumutumizira thumba la ufa ndi nyemba kuchokera kumudzi. Chinyungwe nacho, chinenero cha mumzinda muno, si chachilendo kwenikweni kwa wolankhula Chichewa, ndipo amene wayesetsa kuchilankhula pamsika wa Kwachena amagula bwino nsomba ndi masawu, amapezanso abwenzi pakati pa eni mzinda. Ana a kwathu ena amakhala zaka zinayi ku Tete osalowa m'nyumba ya Mnyungwe ngakhale imodzi, ndipo ndimaona kuti amataya zambiri, popeza ntchito zoyeserera m'makampani ndi m'maofesi nthawi zambiri zimamveka kudzera mwa anthu a mumzinda momwemo.

Chaka chatha ine ndi anzanga a m'kagulu kathu tinayamba kukumana ndi ana a kalasi 12 a m'mipingo ya kwathu pa tchuthi cha Disembala, mayeso olowera asanalembedwe. Timabwera ndi buku la malamulo a maphunziro, timawerengera nawo limodzi malikisi pabolodi kuti aone okha mphamvu ya mayeso oyamba, timawauza zikalata zoyenera kutengeratu, ndipo aliyense timamuimiritsa kuti afunse funso limodzi mokweza m'Chipwitikizi. Makolo amene afuna kumvera nawo timawalandira, chifukwa mafunso awo a lendi ndi a miyezi yotumizira ndalama ndi omwewo amene ana amaopa kufunsa. Chaka chino tikufuna kufikanso ku Dómuè ndi ku Tsangano, ndipo tikufunafuna ophunzira a zaumoyo, a zamigodi ndi a zauphunzitsi ochokera kumeneko oti apite nafe, popeza malamulo ndi zovuta za maphunziro awo ndi zosiyana ndi zathu ndipo ndi iwo amene angazifotokoze bwino.